Chakudza Sichiimba Ng'oma

Pali mwambi umene anthu a pano pa Boma la Mchinji azolowera kuukhotetsa, ndipo wandiwawa kwambiri chilimwe chino, pamene kabawi watha anapiye m'makomo ambiri, kuyambira kumsika kufikira kunjira ya ku Mwami, eni ake n'kumangopukusa mitu, namati, “Chakudza sichiimba ng'oma,” monga ngati akuluakulu anatisiyira mawuwa kuti tizipukutira misozi. Iyayi, abale. Makolo ankauza mawuwa munthu tsoka lisanamugwere, kuti amange mpanda lero lomwe, popeza mbala situma mthenga.

Ndipo kodi kabawi sayimbadi ng'oma? Uja wa mlomo wachikasu amafika chaka ndi chaka cha mu Ogasiti, nakhala nafe kufikira mvula itatsala pang'ono kuleka. Amazungulira poyera, dzuwa likuswa mtengo, tambala nachenjeza, thadzi nalo niliitana ana ake kuti liwafungatire, monga mwa fanizo lija la pa Mateyu 23. Koma mwanapiye amene watalikira make athawira kuti, pamene ife tinadula mitengo kuti tiwotchere njerwa ndi kumangira zigafa za fodya, bwalo n'kulisesa mbee, osasiya ngakhale tsinde la nthochi kapena chitsamba choti abisalemo? Munthu amene afuna kugulitsa nkhuku yachikuda pa mtengo wokwera, osaigulira chakudya, avomerenso kantchito kochepa aka: aluke dengu lalikulu la nsungwi, avundikire thadzi ndi ana ake pamthunzi kwa milungu 6 yoyamba, awaikire madeya, chiswe ndi madzi, pakuti ikapita nthawi imeneyi mwanapiye wamera nthenga, wadziwa kuthawa, ndipo wayamba kumlemera kabawi.

Sindikana kuti chiombankhanga chotsika m'mapiri athuwa chimanyamula ngakhale msoti, ndi kuti gogo wokhala yekha sangalondere nkhuku ali kudimba. Amenewo ndiwamvera chisoni, koma ndi owerengeka. Enanso adzati chitopa ndicho chimapulula khola lonse. Zoonadi, koma nacho chili ndi katemera wa I-2, wopangidwa ku Lilongwe, wongodontheza m'diso, amene ambiri timamufuna nkhuku zitayamba kale kuwodzera.

Chimene sindingachikhululukire ndi cha iye amene, atalephera kuluka dengu, athira tameki pa mwanapiye wakufa namuika pachulu, kuti alange mbalame imene Mlengi anaipatsa njala monga anatipatsa ife. Nyamboyo amadya ndi galu wa mnansi, ndipo kabawi akafa, makoswe amene iye ankawagwira amasangalala m'nkhokwe. Ameneyo asabisale kumwambi wa makolo: ulesi ndi wake, nkhanzanso n'zake. Inu amene thadzi lanu lili pamazira lero, pitani mukadule nsungwi lisanaswe.