KODI COLAKWA CIKHALA POMWE CIONEKERA?

Pali funso limodzi limene mfumu pa bwalo, dokotala m'cipatala ndi mmisiri pa nchito yace onse akomana nalo, cinkana nchito zao zisiyana: cinthu cikaonongeka, tidziwa bwanji cimene calakwa? Ambiri ayankha msanga, nati, Colakwa ciri pomwe caonekerapo. Mwezi uno tifuna kuliyesa yankho limeneli ngati liri loona. Ndipo wotiphunzitsa adzakhala thirakitala yakale yokana kulira m'mawa.

Titenge thirakitala yotuwa ya Ferguson TE20. Mwini nzeru zace ndiye Harry Ferguson, mwana wa mlimi wa ku Ireland, ndipo inapangidwa m'mzinda wa Coventry ku England kuyambira caka ca 1946 kufikira 1956. Ciwerengo cace cinapitirira 500,000. Mbiri ya kulimba kwace inamveka ponse pamene Edmund Hillary anafika nazo zitatu ku South Pole pa 4 Januwale 1958, atapyola cipululu ca madzi oundana. Zidzukulu zace ndizo Massey Ferguson zofiira zimene tiziona m'minda yaikuru ya fodya ndi ya nzimbe kuno kwathu. Zambiri za mtundu wakalewo zikali moyo lero, ndipo eni ace adziwa bwino lomwe bvuto limene tiri kunena.

Kale injini ankaziliza ndi dzanja, popukusa citsulo cokhota kutsogolo kwace. Ndipo injini ikabwezera, inkatha kuthyola mkono wa munthu. M'caka ca 1912 magalimoto a Cadillac anaturuka ndi sitata ya magetsi imene anakonza Charles Kettering, ndipo pang'ono pang'ono nzeruyi inafika ku mathirakitala. Sitata ndiyo kamakina ka magetsi kokhala m'mbali mwa injini. Ku nsonga yace kuli kagudumu ka mano, kamene kasendera ndi kuluma mano a gudumu lalikuru la injini, nikalipukusa kufikira injini yalira. Pamenepo kabwerera m'malo mwace. Koma sitata iribe mphamvu ya iyo yokha konse. Mphamvu icokera m'batire, iyenda m'waya wonenepa, ipyola pa swichi, ilowa m'sitata, nibwerera ku batire kudzera m'citsulo ca thupi la thirakitala ndi waya wina. Njira imeneyi ikaduka, kapena kucepa pa malo amodzi okha, sitata ikhala cete.

Tsono taonani cimene cicitika kawirikawiri. Pa Ferguson ya petulo swichi ya sitata yendetsedwa ndi ndodo ya giya, poikankhira pa cilembo ca S. Mwini thirakitala akwera, akankha ndodo, namva kubuula kwa ulesi, kapena kugogoda kamodzi, kapena zii. Pomwepo ciweruzo caturuka: Sitata yafa. Atenga nyundo naipanda. Ikakana, aimasula, nagula yatsopano ndi ndalama zimene zikadagula feteleza. Aimanga, akankha ndodo, ndipo kuli zii monga poyamba. Anaweruza ndi khutu. Kumene anayembekeza kumva phokoso ndiko anamva cete, ndipo komweko anaika mlandu.

Kuti tione kulakwa kwa ciweruzo cotere tiyenera kuwerengera pang'ono. Mathirakitala oyamba a mtundu uwu, kufikira 1951, anali a batire la ma volt 6. A pambuyo pace ndiwo a ma volt 12. Batire la ma volt 6 liyenera kuturutsa magetsi ocuruka kawiri kuti ligwire nchito yomweyo, ndipo sitata popukusa injini yozizira ikhoza kukoka ma amp 200. Tsono pa mutu wa batire pamera zoyerayera zonga ufa, ndi pomangira waya ku thupi la thirakitala pacita dzimbiri. Dzimbirilo likatsekereza magetsi pang'ono pokha, tinene gawo limodzi la magawo 100 a ohm, lamulo la Ohm litiuza kuti pa ma amp 200 patayika ma volt 2. Gawo limodzi la magawo atatu a mphamvu yonse lathera panjira, lisanafike kwa mwini nchito. Cimodzimodzi ngati wina anaikapo waya woonda wa galimoto ya ma volt 12.

Pali cina cozizwitsa. Mwini thirakitala ayatsa nyali, naona kuti iwala bwino, nati, Batire liri bwino, mawaya ali bwino. Koma nyali ikoka ma amp owerengeka okha, ndipo pa dzimbiri lomwelo itaya kanthu kosazindikirika. Nyaliyo sinanama, ndiyo mboni yoona imene inafunsidwa funso losayenera. Ukaifunsa bwino, poiyatsa ndi kukankha ndodo ya sitata nthawi yomweyo, idzanena zambiri. Ikazirala kufikira kuzima, mphamvu yacepa, kapena pali copanikiza. Ikawalabe osasintha, ndiye kuti magetsi sali kufika m'sitata konse.

Makaniko wanzeru ali ndi dongosolo lace, ndipo salisintha cifukwa ca kupfuula kwa mwini thirakitala. Ayamba ndi batire: lodzala liyenera kuonetsa ma volt 6.3, ndipo aliyesanso pamene sitata iri kukoka, pakuti batire lotha lioneka lamoyo pamene liribe katundu. Atatero akhudza mitu ya batire ndi mfundo zonse za mawaya; pamene patentha, pomwepo mphamvu iri kutayika. Apala, atsuka, namangitsa, osaiwala waya wobwerera wa ku thupi la thirakitala, umene anthu ambiri saukumbuka. Ayang'ana swichi ngati zitsulo zace zokhudzana zapserera. Ayesa kupukusa injini ndi dzanja, kiyi atazimitsa, kuti aone ngati iyenda. Pakuti injini yogwidwa ndi dzimbiri palibe sitata ingaisunthe. Kagudumu ka mano kakakanirira, aika giya yothamangitsa, kiyi ali cizimire, nagwedeza thirakitala kutsogolo ndi kumbuyo kufikira kamasuka. Kakada, akatsuka ndi palafini, osathira mafuta, popeza mafuta agwira pfumbi. Zonsezi zikapezeka zabwino, pamenepo ndipo amasula sitata, naona ngati mabulashi ace atha. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Owerenga athu azindikira kale kumene tiri kulinga. Makaniko uja, asanatsutse sitata, afunsa mafunso atatu. Kodi inalandira cimene iyenera kulandira? Kodi njira inali yotseguka? Kodi katundu anali woti ingamsenze? Ife tiyesa kuti mafunso omwewa ayenera kufunsidwa munthu ali yense asanatsutsidwe. Mwana aodzera m'kalasi, mphunzitsi namucha waulesi. Koma mwanayo anayenda mtunda wautali m'mimba mulibe kanthu. Nsima yacedwa, mwamuna nakalipira mkazi wace. Koma nkhuni zinali zonyowa, ndi mjigo wa pafupi unaonongeka. Wa nchito sanatsirize ndime yace, kapitao namdula malipiro. Koma khasu limene anampatsa linali lobuntha, ndi ndime inali ya anthu awiri. Onsewa aima ku mapeto a njira, monga sitata. Kulephera kwa ambiri kuonekera pa iwo, cifukwa iwo ndiwo omaliza kugwira.

Koma bwanji mtima wa munthu ukonda ciweruzo cofulumira? Si ulesi wokha ai. Taganizani: kutsuka mitu ya batire, kumanga mawaya, kubisa thirakitala ku mvula, nchito zimenezi nza yani? Nza mwini wace. Akanena kuti sitata yafa, mlandu wagwera citsulo, kapena amene anacipanga ku Britain zaka zambiri zapitazo, iye natsala woyera. Akanena kuti dzimbiri latseka njira, mlandu wabwerera pakhomo pace. Cifukwa cace yankho loyamba likoma m'kamwa. Woweruza ndi woweruzidwa kawirikawiri ali pa waya mmodzi, ndipo cilungamo cifuna kuti woweruza ayambe kuyang'ana mfundo zimene ziri m'manja mwace. Apa nzeru ya mmisiri ndi cilungamo zigwirizana: cimene ciri pafupi, cosadya ndalama, ndi cokhudza ife eni, ndico ciyenera kuyesedwa poyamba.

Wina adzatsutsa, nati, Mukatero palibe munthu adzapezeka wolakwa. Yense adzaloza kumbuyo kwace, nadzati, Sindinalandire. Mau awa ngolemera, ndipo sitiwapeputsa. Inde, iripo nthawi imene sitata yafadi. Mabulashi atha, mawaya a m'kati apsa. Ndipo makaniko amene atsuka mitu ya batire kakhumi cifukwa ca kumvera sitata cisoni ali woweruza woipa monga mnzace wa nyundo uja. Alipo mwana waulesi ndithu, alipo wa nchito wonyenga. Dongosolo limene tanena silimasula wolakwa. Licititsa kuti ciweruzo, cikafika, cikhale cokhazikika. Pakuti amene wayesa batire, njira ndi katundu, nazipeza zabwino, akhoza kunena molimbika mtima kuti, Colakwa ciri pano. Ndipo palibe angamtsutse. Amene sanayese, angakhale alase zoona, wangocita mwai.

Nanga nyundo ija? Tibvomere kuti nthawi zina ithandiza: kugogoda kugwedeza mabulashi okanirira, nagundanso, injini nilira. Ici ndico cinyenga anthu kuti ayese nyundo mankhwala. Koma mawa ifunika kawiri, mkuja katatu, kufikira sitata yaonongeka yonse. Momwemo ndodo ndi mau aukali ziyendetsa munthu tsiku limodzi, osacotsa cimene cimlepheretsa; ndipo wolangayo, poona kuti lero zayenda, aphunzira phunziro lonama.

Winanso adzati, Mvula yagwa, munda uli kudikira. Nthawi ya mafunso atatu ndiitenga kuti? Ameneyu atsika, naima pansi pambali pa injini, natenga citsulo, nalumikiza magetsi molunjika ku sitata, kulambalala swichi. Tichere khutu apa, pakuti nkhani yafika pa moyo. Amene anakonza Ferguson anaika sitata pa ndodo ya giya dala, kuti ndodo ikakhala pa S isakhalenso m'giya, ndipo thirakitala isalire iri yokonzeka kuyenda. Wolambalala swichi wacotsa mlonda ameneyu. Ngati giya inatsala yolowa, injini ilira ndi kuyenda nthawi yomweyo, ndipo munthuyo waima kutsogolo kwa tayala lalikuru la kumbuyo. Alimi ambiri afa imfa yotere m'maiko osiyanasiyana, ndipo ambiri a iwo anali ozolowera nchito. Kuthamanga si kufika.

Makolo athu anali nao mlonda wotere pa bwalo la milandu. Sanalola kuti mfumu igamule isanamve mbali zonse ziwiri. Anaitana ankhoswe ndi mboni, nalola wonenezedwa kulankhula kufikira watha mau ace, cinkana dzuwa lipendeke. Wokwiya aona mwambo uwu ngati cocedwetsa, monga mlimi uja aona swichi. Koma unaikidwa cifukwa ca tsiku limodzi lija limene onse ali otsimikiza, ndipo onse alakwa. Mlandu wogamulidwa molambalala upsinja wosalakwa, ndipo kawiri kawiri ubwerera kupsinja wogamulayo; pakuti banja limene lapasuka, kapena wa nchito wokhulupirika amene wacotsedwa, sizigulidwa m'sitolo monga sitata.

Tsono yankho lathu ndi ili: colakwa cionekera ku mapeto a njira, koma cikhoza kubadwira pali ponse m'njiramo, ndipo palibe adziwa malo ace koma iye amene wayenda njira yonse, kuyambira pa khomo la iye mwini. Kutsuka mitu ya batire kudya mphindi zowerengeka. Kufunsa mwana ngati wadya kudya mphindi imodzi. Abale, pamene cinthu cakana kuyenda m'nyumba mwanu, m'sukulu, kapena m'munda, ndipo dzina la wolakwa lafika kale pa lilime, ligwireni kanthawi. Funsani ngati analandira, ngati njira inali yotseguka, ngati katundu anamyenera. Mukatero, ndipo mlandu ukamtsalirabe, nenani mosaopa.