Mfundo zofunika kuchokera kwa galu wakubusa

Pa Lizulu, kuno ku Ntcheu, ukangodutsa msewu wa M1 waponda kale dziko la Mozambique, komwe Chipwitikizi chimamveka. Kwawo kwenikweni kwa chinenerochi, ku Portugal, kuli mtundu wa galu wothandiza abusa wotchedwa Cão da Serra de Aires. Ndi wa ubweya wautali wonga wa mbuzi, msinkhu wake sumapitirira masentimita 55, ndipo eni ake amamutcha galu-nyani chifukwa cha nkhope yake. Nafenso a kwa Gomani tili nawo athu, agalu ofiirira aja otsatira anyamata kudambo. Tiyeni tiwayang'anitsitse, abale.

1. Kubwerera yotsalira. Abusa a m'chigawo cha Alentejo amamutama galuyu chifukwa cha chinthu chimodzi makamaka: nkhosa kapena mbuzi ikasochera, amaisaka mpaka aibweze kwa zinzake. Nafenso kuno kwathu tinaziona izi tili ana. Dzuwa lapendeka, ng'ombe zayamba ulendo wa kukhola, fumbi lili koboo, koma thole limodzi latsalira kuseri kwa chulu. Mnyamata waimba likhweru kamodzi, galu watembenuka, ndipo posakhalitsa tholelo likubwera chothamanga, galu ali pambuyo, lilime lili panja. Nanga ife, pamudzi pathu ndi mumpingo mwathu, tikaona kuti mnzathu sakuonekanso, timabwerera? Mwana wa mchemwali wathu akasiya sukulu, timapita kukacheza naye, kapena timangowerenga amene atsala n'kutseka khola? Ine apa ndi pamene mtima umanditsutsa kwambiri.

2. Mphamvu zosavulaza. Ng'ombe imamuposa galu kutali, komabe imamumvera. Galu wabwino amaitsekereza kutsogolo, kuuwa pang'ono, n'kuisiya ipite yopanda bala. Ndi angati mwa ife amene timatsogolera banja ndi mano?

3. Kuuwa pa chifukwa. Galu wa ku Portugal uja sathamangira mlendo, amayamba wamuyang'ana kaye, ndipo usiku amakhala tcheru. Makolo anati galu wamkota sakandira pachabe. Galu wouwa mwezi ndi tsamba lililonse, tsiku limene fisi wafika pakhola la mbuzi palibe amene amadzuka. Mawu athunso amalemera tikamawasunga. Kodi tikalankhula pabwalo la amfumu anthu amatchera khutu, kapena anatopa nafe kalekale?

4. Khalidwe limaleredwa. Apa tisanamizane. Ambiri timafuna galu wokhulupirika, koma chakudya chake ndi mkute wouma, ukapezeka. Nkhupakupa zadzaza m'makutu, nthiti zikuwerengeka, akayandikira pakhonde timamugenda. Alangizi a ziweto akalengeza katemera wa chiwewe timati tatanganidwa kumunda wa mbatata, chonsecho matendawa akayamba kuonekera mwa munthu sachizika. Galu wotereyu akadzaba nkhuku timati ndi mtundu wake woipa. Kodi mtunduwo ndiwo unamumana chakudya? Mbusa wodziwa ntchito amayamba ndi kagalu kakang'ono: amayenda nako kubusa, amakazoloweza fungo la ng'ombe, amakaitana ndi likhweru limodzimodzi tsiku ndi tsiku. Ana athu nawonso amakula moteromo, poona zimene timachita. Masana, pansi pa mtengo wa msuku, mnyamata wakubusa uja amanyema chinangwa chake pawiri, china n'kuponyera galu.