Zaka ziwiri pamwala wa Dexileos

Kumanda akale a Kerameikos, mumzinda wa Athens, miyala yambiri sitchula chaka. Imangonena dzina la malemu, la bambo wake, mwinanso kwawo, basi. Wa Hegeso, mwana wa Proxenos, ndi wotero: mayi ali phee pampando, mdzakazi akum'patsira kabokosi ka zodzikongoletsera. Akatswiri amati ngwa cha m'ma 400 BC, koma amachita kuyerekeza, poona kasemedwe ka makwinya a chovala ndi maonekedwe a zilembo. Manda ena amaululidwa zaka ndi mapale a mbiya otuluka m'dothi.

Mwala umene umandigwira mtima ndi wa Dexileos, mwana wa Lysanias wa ku Thorikos. Anthu a ku Athens ankatchula chaka ndi dzina la mkulu wa mzinda amene anali pampando chaka chimenecho, ndipo mwalawu umatchula awiri: Teisandros pomwe mnyamatayu ankabadwa, Euboulides pomwe ankafa. M'kawerengedwe kathu ndi cha mu 414 ndi 394 BC. Anafera kunkhondo ku Corinth ali ndi zaka ngati 20, ali msilikali wapakavalo. Pamwalapo kavalo wanyamula miyendo yakutsogolo, mdani wagwa pansi akudzitchinjiriza ndi mkono, koma dzanja la Dexileos lili lopanda kanthu, poti mkondo wake wamkuwa unatayika kalekale.

Kulemba chaka chobadwa sichinali chizolowezi kumeneko. Nanga banjali linalemberanji? Akatswiri ambiri amaloza ku 404 BC. Athens itagonja kwa Sparta, amuna 30 ankhanza anatenga ulamuliro napha anthu ochuluka, ndipo apakavalo, ana a anthu opata, anali kumbali yawo. Patatha zaka khumi bala linali likadali laliwisi. Wokwera pakavalo ankaonedwabe ndi diso lokayikira.

Maganizo amenewa ndimawakhulupirira, ndipo amandimvetsa chisoni. Ndimaganizira abale aja, misozi isanaume, akukambirana ndi wosema miyala mawu oti alembe. Mwana wapita, komabe akuyenera kum'yankhira mlandu umene sanapalamule. Sanalembe kuti anali wosalakwa. Anangoika mayina awiri aja m'mbali mwa msewu wodutsa anthu ambiri, kuti wodziwa kuwerengera zaka adzionere yekha kuti pomwe apakavalo ankathandiza ankhanza aja, Dexileos anali kamnyamata ka zaka 10.