Nyanja Ikatsekedwa, Njala Imagona M'nyumba ya Yani?

Pa 1 Novembala chaka chilichonse, boma limatseka usodzi wa makoka pa Nyanja ya Malawi. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense wokulira pamchenga wa ku Kande, ku Chintheche kapena ku Usisya. Iyi ndiyo nyengo imene chambo chimasendera kumadzi osaya kudzaswana. Chachimuna chimakumba chisa pamchenga, chachikazi chimafungatira mazira m'kamwa, ndipo ana akaswa chimawabisabe momwemo mpaka atakhwimako. Wokoka khoka pa nthawi imeneyi amavuula mayi pamodzi ndi ana onse ali m'kamwa mwake.

Pa mfundo iyi sitichedwapo. Kutseka nyanja n'koyenera, ndipo wokayika akafunse anthu a ku Nyanja ya Malombe, kumene chambo chinazilala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mpaka mu 1993 boma linayamba kuyang'anira usodzi mogwirizana ndi makomiti a m'madoko. Lamulo la zausodzi la 1997 linavomereza njira imeneyi m'dziko lonse. Kuno kwathu, bungwe la Ripple Africa, limene lili ku Mwaya kufupi ndi Kande, lakhala likuthandiza midzi kukhazikitsa makomiti oteteza malo oswanirana nsomba ndi kulanda maneti a udzudzu amene ena amakokolola nawo kasawala. Zonsezi tikuziyamikira.

Funso lathu ndi lina, ndipo silifunsidwa kawirikawiri pamisonkhano ya padoko. Nsomba zikapatsidwa mpumulo, pali munthu amene amalipira mpumulowo ndi mimba yake. Kodi munthuyo ndani, nanga ife otsalafe tili naye ngongole yanji?

Tiyeni tiyang'ane doko mmene lilili. Mwini zida ali ndi khoka, boti, mwina ndi injini. Ambiri mwa eni zida ali ndi pena pothawira: kagolosale pamsewu wa M5, munda waukulu, ziweto, ena galimoto yonyamula anthu. Nyanja ikatsekedwa phindu lawo limachepa, koma moto sumazima kukhitchini. Mlovi alibe zonsezi. Chuma chake ndi mikono ndi msana, malipiro ake ndi gawo la zimene zaphedwa tsiku limenelo, ndipo tsiku lopanda khoka ndi tsiku lopanda ndalama. Kumbuyo kwa mlovi kuli mzere wa anthu amene sakwera bwato koma amadya za m'nyanja: mayi wogula nsomba m'bandakucha n'kukaziyanika pathandala, wowamba, wogulitsa nkhuni zowambira, mnyamata wosenza madengu, mtsikana wa mandasi amene makasitomala ake onse ndi alovi. Khoka likaima, mzere wonsewo umaima nalo.

Ndiye taonani nyengo yake. Novembala ndi Disembala ndi miyezi imene nkhokwe zimakhala zitapepuka, mtengo wa chimanga ukukwera, kumunda kukufunika mbewu ndi feteleza, kutsogoloku Januwale akudikira ndi fizi. Ife a ku Nkhata Bay tili ndi mwayi wa chinangwa, chimene chimakhala m'nthaka kutidikira, koma kondowole wopanda ndiwo satsika kukhosi, ndipo chinangwa sichigula sopo kapena mankhwala. Apa m'pamene wakatapila amafika ndi nkhope yachifundo. Mlovi amakongola mu Disembala kuti adzabweze nyanja ikatsegulidwa, ndipo nsomba zoyamba za nyengo yatsopano zimakhala zadyedwa kale ndi chiwongoladzanja. Lamulo limene linabwera kudzapulumutsa chambo limathera pomukankhira munthu mu riba, chinthu chimene sitifunika kukumbutsana kuti n'choletsedwa.

Nanga nsomba zikachuluka amapindula ndani? Tonse. Wodya chambo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, mwini malo ogona alendo, wamalonda wa galimoto yozizira, mwini matrola, ngakhale boma. Phindu limagawidwa kwa anthu ambirimbiri, pamene mtengo wake umasenzetsedwa anthu ochepa, ndiponso osauka kuposa onse. Mutu umodzi susenza denga, timatero, koma denga ili taliika pamutu umodzi.

Nkhaniyi si yatsopano kwa Asilamu. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, anapatula malo otchedwa Naqi' kuti akhale hima, kutanthauza dera lotetezedwa limene munthu sadyetsamo ziweto mwachisawawa. Khalifa Umar bin Khattab, Allah asangalale naye, anapatulanso malo otere chifukwa cha ngamira za zakaat ndi ziweto za asilikali, ndipo anaika wantchito wake Hunayy kuti aziwayang'anira. Malangizo amene anam'patsa analembedwa m'mabuku a Imam Malik ndi Imam Bukhari. Anamuuza kuti akhale wofatsa kwa anthu, aope pemphero la woponderezedwa, alole mwini ngamira zochepa ndi mwini nkhosa zochepa kulowa, koma atsekereze ziweto za Abdurrahman bin Auf ndi Uthman bin Affan. Awiriwa anali Maswahaba olemekezeka kwambiri, ndipo sanalakwe kanthu. Chifukwa chimene Umar anapereka n'chakuti ziweto zawo zikafa adzabwerera kuminda yawo ya tende ndi mbewu, pamene wosaukayo ziweto zake zikafa adzabwera ndi ana ake pakhomo pa Khalifa kudzalira.

Wina anganene kuti basi, yankho lapezeka: osauka aloledwe kusodza, olemera okha ndiwo aletsedwe. Tikadakonda zikadakhala zapafupi chotero. Ngamira zochepa za amphawi a ku Madina sizikadatha msipu wonse. Koma amphawi a m'mbali mwa nyanja yathu ndife ambiri, ndipo neti ya udzudzu ikakokedwa m'mabango imapha kasawala wosawerengeka m'mawa umodzi. Umphawi wa woikoka suchepetsa kuwononga kwake. Tikatsegula chipata chimenecho, nyanja ya Malawi idzatsatira Malombe, ndipo oyamba kulira adzakhala omwewo tinkati tikuwachitira chifundo.

Choncho tiyenera kumvetsera mbali yachiwiri ya maganizo a Umar, imene ambiri amaidumpha. Iye anati kuwapatsa udzu ndi madzi n'kopepuka kwa iye kusiyana ndi kuwapatsa golide ndi siliva. Taonani chimene akuvomereza pamenepa. Akuvomereza kuti akawatsekera kunja, thumba la boma liyenera kutseguka. Njira zinali ziwiri zokha, kuwalola kapena kuwadyetsa. Njira yachitatu, yowatsekera n'kuwasiya aone okha chochita, sinali m'maganizo mwake n'komwe. Imeneyi ndiyo njira imene ife tikuyendamo.

Mayiko ena anazindikira zimenezi. Ku Bangladesh boma limaletsa kupha nsomba ya hilsa pa nyengo yoswana, ndipo limagawira mabanja a asodzi olembedwa m'kaundula mpunga wodya pa nthawiyo. Ku Brazil msodzi wamng'ono amalandira ndalama kuchokera kuboma pa miyezi imene usodzi watsekedwa. Madandaulo a kuchedwa ndi a mayina olowetsedwa mwachinyengo samasowa m'mayiko onse awiri, koma mfundo yake ndi yowongoka: amene wasiya kusodza chifukwa cha tonse akugwira ntchito, ndipo wantchito amalipidwa.

Kutali kwambiri, kumpoto kozizira ku Alaska, kuli mtundu wa anthu otchedwa Aleut, okhala pazilumba zimene ndege ndi sitima zokha zimafikako. Mu 2022 akuluakulu a zausodzi analetsa kupha mtundu wina wa nkhanu za m'nyanja ya Bering, chifukwa nkhanuzo zinachepa modzidzimutsa madzi atatentha. Chilumba cha St Paul, cha anthu mazana ochepa chabe, chinkadalira fakitale yokonza nkhanuzo ndi msonkho wochokera pamenepo. Kuletsako kunali kofunika, koma fakitale inaima, ndalama zoyendetsera mudzi zinaphwa, ndipo atsogoleri awo analengeza kuti ali pangozi. Eni sitima zikuluzikulu, ambiri a iwo okhala m'mizinda yakutali, anataya phindu. Anthu a pachilumba analibe kwina kopita. Komabe dera lomwelo lili ndi phunziro lina. Kuyambira mu 1992, gawo la nsomba zololedwa kuphedwa m'nyanja ya Bering limapatulidwira midzi ya m'mphepete, imene lero ilipo 65, kuti anthu okhala pafupi ndi madzi asamangoonerera chuma chikudutsa pakhomo pawo. Ganizo lomwelo lingafunsidwe kuno: pa ndalama za ziphaso zimene eni zida ndi matrola amalipira, ndi zingati zimabwerera kudoko pa miyezi yotseka?

Pali dandaulo lina limene timalimva m'madoko ambiri, ndipo limawononga lamulo kuposa njala. Neti imene imawotchedwa pamchenga anthu akuona nthawi zambiri imakhala ya munthu wapafupi kumugwira. Wokhala ndi injini amaponya usiku patali, kumene komiti yopanda boti singafike. Qur'an, mu Surat Al-A'raf, imatikumbutsa za mudzi wa m'mphepete mwa nyanja umene unaletsedwa kusodza tsiku la Sabata, ndipo nsomba zinkabwera poyera tsiku lomwelo. Mayeso awo ndi ofanana ndi athu, pakuti chambo chimadzionetsa pafupi pa nyengo yomwe chaletsedwa. Koma tisafulumire kuwerengera nkhaniyi mayi wamasiye wogwidwa ndi kasawala m'beseni, tikusiya mwini zida wokhuta amene amapemphera nafe pamzere woyamba. Umar yemweyo anaimitsa chilango cha wakuba m'chaka cha chilala. Iye ankasiyanitsa dzanja lotambasuka chifukwa cha njala ndi dzanja lotambasuka chifukwa cha dyera.

Kuti lamulo lotseka lingathe kusungidwa mokondwa, umboni tili nawo m'dziko mwathu momwe muno. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950. Asodzi amachoka pachilumba, ambiri kukagwira khasu, ndipo amabwerera tsiku lotsegulira mwamwambo. Lamulolo lakhalitsa chifukwa linabadwira pakati pa anthuwo, limagwira wamkulu ndi wamng'ono mofanana, ndipo aliyense amaona ndi maso ake nsomba zimene kudikira kwabala.

Sitingadikire kuti boma lipeze mpunga wa ku Bangladesh. Zina zili m'manja mwathu. Zakaat imaloledwa kuperekedwa nthawi yake isanakwane, ndipo mwini zida angathe kuitulutsa mu Novembala m'malo modikira Ramadhan, pakuti alovi ake ambiri ali m'gulu la oyenera kulandira. Angathenso kupatula kagawo kochepa pa nsomba za miyezi yabwino n'kukasunga m'dzina la alovi, kapena kuwakongoza popanda chiwongoladzanja wakatapila asanawapeze. Komiti ya mzikiti ndi komiti ya padoko zingakhale pansi mu Okutobala n'kulemba mayina a mabanja amene adzakhale opanda kolowera. Njala yapadoko sifunsa chipembedzo, ndipo ku Kande anansi athu ambiri ndi Akhristu, choncho sadaka ndi thumba la mudzi ziyenera kufikira onse olembedwawo. Makomiti athu ali kale ndi mabuku a anthu ogwidwa ndi zindapusa zimene analipira. Buku la mabanja ofunika chakudya lingasungidwe ndi mlembi yemweyo, ndipo ndalama zoyambira zingachokere m'zindapusa zomwezo.