Kodi Nkoyenera Kulanda Mnzako Nyumba ya Lendi?

Munthu amene adafunapo nyumba ya lendi mumzinda wa Blantyre amadziwa kuti ntchitoyi imatha nsapato. Amayambira ku Chitawira, Nkolokosa ndi Kanjedza, kumene kuli nyumba zambiri zomangidwa ndi bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1964. Akapeza kuti monse muli anthu, amalowera ku Zingwangwa, Ndirande, Bangwe kapena Machinjiri. Ku Namiwawa ndi Sunnyside sayerekeza n'komwe, pakuti mitengo ya kumeneko ndi ya anthu opata. Zimenezi sizodabwitsa. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 800,000 mumzindawu, chikhalirecho nyumba zabwino sizichuluka monga achulukira anthu.

Tsono tiyerekeze kuti munthu wogwira ntchito ku Limbe waona nyumba ya madzi ndi magetsi pafupi ndi msewu wa minibasi, koma m'nyumbamo muli banja lina. Munthuyo anong'oneza mwininyumba kuti, "Bambo, atulutseni awa, ine ndiwonjezera ndalama, ndiponso ndilipiriratu miyezi itatu." Kodi munthu wotere walakwa?

Ena amati sadalakwe. Nyumba ndi malonda, ndipo mwini wake ali ndi ufulu wolandira mtengo umene wamukomera. Mfundoyi sitingaitaye, chifukwa eninyumba ambiri si anthu olemera. Ena ndi amayi amasiye kapena nkhalamba zopuma pantchito, zimene lendi ndiyo chakudya chawo. Pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti ndi malata idawapweteka iwonso.

Komabe nyumba isiyana ndi tomato wa pamsika wa Limbe. Tomato akakwera mtengo, munthu amaphika ndiwo popanda tomato, koma palibe amene angagone popanda denga. Banja lotulutsidwalo silisowa m'mlengalenga. Limasamukira kumene lendi ndi yotsika, ndipo kawirikawiri kumeneko ndi m'mphepete mwa mitsinje kapena m'malo otsetsereka a m'mapiri. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, nakokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo anthu ambiri adafa. Ambiri okhala m'malo otere sakhalako mwakufuna, koma chifukwa chosowa kolowera.

Choncho tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Mwininyumba akakweza lendi poyera, atapereka nthawi yokwanira kwa wokhalamo, wachita mwachilungamo. Koma kupangana kuseri kuti atulutse munthu amene amalipira mokhulupirika ndi kudyera mnzako masuku pamutu, ngakhale palibe wapolisi amene angakumange. Wopanganayo amadzitcheranso msampha, pakuti waphunzitsa mwininyumba kuti lonjezo limagulidwa. Tsiku lina kudzabwera wina wa thumba lalikulu kuposa lake. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Inu ophunzira, posachedwa mudzayamba ntchito, ndipo ena mwa inu mudzayendayenda m'makwalala a Blantyre kufuna pogona. Mukadzapeza nyumba yokhala anthu, mudzaipitirire, ngakhale yopanda anthuyo ikhale kutali ndi msewu. Kuli bwino kulawirira m'mamawa kukakwera minibasi ku Machinjiri kusiyana ndi kugona m'nyumba imene ana a mnzako adatulukamo akulira.