Za Kufoka kwa Munthu

Kuno ku nyanja kuli mkulu wina wokalamba amene waleka kudza ku nyumba ya Mulungu. Kale anali mwini khoka, ndipo anyamata ankapalasa ngalawa pomvera mau ace. Lero maso ace acita khungu, kotero kuti sangathe kuyenda popanda mdzukulu womgwira dzanja. Pamene tinakamceza anati, "Sindifuna kuti anthu andione ndirikukokedwa ngati mbuzi. Mulungu ali nayo nchito yanji ndi munthu wotha cotere?" Funso limeneli siliri lace yekha, pakuti ambiri a ife tiri nalo m'mtima, ngakhale maso athu apenya bwino.

Tiyambe takumbukira umo Mpingo unadzera pano pa Nkhotakota, pamene Azungu ankapachula Kota Kota. Mudzi uno unali wa amphamvu. Ajumbe anali nazo mfuti, ndi zombo zoolotsa minyanga ndi akapolo kunka tsidya lija. Wansembe Arthur Sim anafika pano m'caka ca 1894 kudzayamba misyoni, ndipo m'caka cotsatira anamwalira. M'caka comweco ca 1895, Chauncy Maples, amene anagwira nchito m'Afrika kuyambira 1876, anadzozedwa ku London akhale bishopu wa Likoma. Koma pa 2 September, asanafike n'komwe ku mpando wace, namondwe anagubuduza ngalawa yace, namira iye m'nyanja yomweyi, ndipo mtembo wace anadzauika pano. Munthu wa nzeru za dziko akadaona manda amenewo akadati, zatha basi. Koma ufumu wa Ajumbe ndiwo unatha m'zaka zomwezo, ndipo pa malo a manda aja ana athu alikubatizidwa kufikira lero.

Koma amene ndifuna timlingalire koposa ndiye William Percival Johnson, cifukwa nthenda yace ifanana ndi ya mkulu wathu uja. M'caka ca 1884, ali ku Quelimane pa ulendo wodza ndi sitima ya misyoni yochedwa Charles Janson, anagwidwa ndi nthenda ya maso yoopsa. Diso limodzi linafa ndithu, ndipo linalo linatsala lopenya pang'ono pokha. Anapita kwao ku England kukaona asing'anga, ndipo palibe akadamtsutsa akadakhala komweko. Koma anabwera, nayendayenda m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja zaka zoposa makumi anai, natembenuza Malembo Oyera m'Cinyanja ca kunyanja, kufikira anamwalira ku Liuli m'caka ca 1928.

Tsono ena akamva izi ati, anali munthu wolimba mtima, nagonjetsa kufoka kwace. Zoonadi anali wolimba mtima. Koma ine ndiyesa kuti kufokako sikunangogonjetsedwa ai. Kunagwiranso nchito yace. Munthu wa maso awiri akhoza kudzinyenga kuti acita zonse yekha. Wosapenya bwino ayenera kufunsa, ayenera kumvetsera, ayenera kukhulupirira mnzace ndi kumsiyira zina m'manja mwace. Ndipo Uthenga sunakhazikike m'midzi ya kunyanja ndi mau a mlendo wodza pa sitima kamodzikamodzi, koma ndi aphunzitsi a kuno kwathu amene ankatsala m'mudzi sitima itacoka.

Paulo Woyera anadziwa cimeneci m'thupi mwace. Mu kalata wace waciwiri kwa Akorinto, mutu 12, asimba za cowawa cina cimene anapempha katatu kuti cimcokere, ndipo sicinamcokere. Anazindikira pambuyo pace kuti cinamcinjiriza ku kudzikuza. Ndipo Petro, msodzi ngati ife, analumbira kuti sadzathawa, nakana Mbuye wace usiku womwewo. Ambuye sanapereke nkhosa zao kwa Petro wolumbira uja, koma kwa Petro amene analira. Mbusa amene anagwapo sathamangira kuponya mwala nkhosa yotsimphina.

Inu asodzi mudziwa kuti bwato lakale lolowa madzi silipha anthu kawirikawiri, popeza mwini wace ayang'ana mitambo, nasunga cokapira pafupi, nabwerera ku gombe mwera usanakule. Lopha anthu ndilo bwato latsopano liri ndi mnyamata wodzitama.

Pano ndicenjeze, kuti wina angasokoneze mau anga. Sinditi kuti ulesi ndi kufoka koyera, kapena kuti woledzera anene, Mulungu akonda ofoka, nabwerere ku mowa wace. Kumeneko ndiko kucimwa, ndipo mankhwala ace ndiwo kulapa. Sinditinso wodwala malungo agone m'nyumba osapita ku cipatala. Johnson yemwe anafuna asing'anga. Ndinena za comwe citsalira munthu atacita zonse akhoza: ukalamba, khungu, kusabala, lilime lacibwibwi, mtima wofulumira kuopa. Zimenezi tizibisa kwa anansi ngati nsaru yong'ambika, ndipo pozibisa tidzipatula tokha. Kunena zoona, manyazi otere ali mwana wa kunyada, pakuti ticita manyazi cifukwa tifuna anthu atiyese osasowa kanthu.

Ndipo kodi mdzukulu uja ataya ciani akatsogoza agogo ace? Mwana amene sanagwirepo dzanja la wofoka adzaphunzira kuti cifundo? Mkulu uja akakhala m'nyumba amana mwanayo phunziro limene sukulu siingampatse, namananso Mpingo wonse.

Mau awa tinawanena kwa iye, ndipo sanayankhe msanga. Potsiriza anati njira ya ku dambo iri ndi matope masiku ano a mpunga, ndipo mwanayo ngwamng'ono. Akristu a m'mudzi mwace amve cimeneci, natume mnyamata wamkulu Lamulungu likudzali, m'mamawa, belu loyamba lisanalire.