Ngala Zimene Boazi Adasiya Dala

Lamulo la Mose lidaika malire pa dzanja la mwini munda. Pa Levitiko 19:9-10 Chauta adalamula Aisraele kuti pokolola asamadule mpaka m'mphepete mwa munda, ndiponso asamabwerere kukatola ngala zimene zagwa. Zimenezo zinali za mmphawi ndi za mlendo. Buku la Rute limaonetsa lamuloli likugwira ntchito. Rute, mkazi wamasiye wa ku Mowabu, adapita kukakunkha barele m'munda wa Boazi ku Betelehemu kuti iye ndi apongozi ake, a Naomi, apeze chakudya. Boazi akadatha kumtumizira thumba kunyumba. M'malo mwake adamlola kuti awerame yekha padzuwa, ndipo adalamula anyamata ake kuti azisolola dala ngala m'mitolo n'kuzisiya pansi, komanso kuti asamdzudzule. Thukuta linali la Rute, koma pa dzanja lililonse limene ankatola panali kena kake kamene mwini munda adaonjezapo.

Boma la Britain lili ndi ndondomeko imene ikufananako ndi zimenezi. Dzina lake ndi Help to Save, ndipo idayamba mu Seputembala 2018 pansi pa bungwe lotolera msonkho la HMRC. Adaikonzera anthu amene amagwira ntchito koma malipiro awo ndi ochepa, kotero kuti boma limawathandizanso ndi ndalama zotchedwa Universal Credit. Munthu wotere amatsegula akaunti ndipo amaikamo kuyambira paundi imodzi mpaka mapaundi 50 pa mwezi. Mwezi umene zinthu zavuta akhoza osaikamo kalikonse, ndipo palibe chilango. Pa paundi iliyonse imene wasunga, boma limaonjezapo theka la paundi. Akauntiyo imakhala zaka zinayi, ndipo bonasi imabwera kawiri, pakutha pa chaka chachiwiri ndi pakutha pa chaka chachinayi. Wosunga mapaundi 50 mwezi ndi mwezi amafika pa 2,400, boma n'kumpatsa 1,200 yopanda msonkho.

Chimene chikuonetsa kuti okonza ndondomekoyi ankaudziwa umphawi ndi kawerengedwe ka bonasi yoyamba. Sayang'ana ndalama zimene zatsala mu akaunti tsiku lomaliza. Amayang'ana pamene ndalamazo zidafika pamwamba penipeni. Mayi amene adasonkhanitsa mapaundi 400, kenaka n'kutapamo 300 chifukwa cha maliro kapena lendi, amalandirabe 200 zaka ziwiri zikakwana. Kutapako kumamvutitsa pa bonasi yachiwiri, chifukwa ayenera kudutsa 400 ija kuti apatsidwenso, koma zimene adavutikira poyamba sizifufutidwa. Mawu a Boazi aja akuti asamdzudzule akumvekanso pamenepa.

Kawirikawiri dziko limachita zosiyana ndi zimenezi. Wachuma ndiye amalandira chiongoladzanja, wosauka ndiye amachilipira. Aliyense wokhala m'tauni akudziwa mmene katapila amadyera malipiro a munthu mwezi usanathe, ndi mmene wailesi, mbale ndi matiresi zimatulukira m'nyumba chifukwa cha ngongole imene idayamba ngati kandalama ka mankhwala. Eksodo 22:25 amaletsa kukongoza mmphawi mwa njira imeneyi. Kandalama kosunga, ngakhale kachepe bwanji, ndi kamene kamaimirira pakati pa banja ndi khomo la wakatapila tsiku limene mwana wadwala.

Pali akhristu ena amene amachita mantha ndi nkhani yosunga ndalama. Amakumbukira fanizo la wachuma wopusa pa Luka 12:16-21, amene adaganiza zophwasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, usiku womwewo n'kumwalira. Mantha awo ali ndi pogwira, pakuti ndalama imatha kukhala fano. Koma munthu wa m'fanizoli anali kale ndi zambiri, ndipo m'maganizo ake onse simudapezeke Mulungu kapena mnansi. Nkhokwe za Yosefe pa Genesis 41 zinali zazikulu kuposa zake, komabe zidapulumutsa Ejipito ndi banja la Yakobe pa zaka zisanu ndi ziwiri za njala. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum ya mu 1891, adaphunzitsa kuti malipiro a wantchito ayenera kukwanira kudyetsa banja lake ndi kumlola kuti, akamadziletsa, asungeko pang'ono mpaka akhale ndi kanthu kakekake. Adatinso malamulo a dziko azithandiza kuti anthu ambiri akhale ndi chuma chawochawo. Boma likamaonjezera pa kandalama ka wantchito wosauka, likuyenda m'njira imene Mpingo udaloza kale.

Komabe chipata cha munda wa Britain ndi chopapatiza kuposa cha Boazi. Bonasi imapita kwa amene ali ndi kanthu kosunga. Amene malipiro ake amathera pa lendi ndi magetsi salandira kalikonse, ndipo bonasi siingalowe m'malo mwa malipiro oyenera amene Papa Leo adatchula poyamba. Chachiwiri ndi chimene chikukhudza mabanja ambiri a m'parishi muno. Lamulo la Mose lidatchula mlendo, ndipo Rute anali mlendo. Ku Britain, anthu ambiri ochokera kunja amene adalowa ndi viza ya ntchito, monga aja osamalira okalamba, saloledwa kulandira thandizo la boma ngati Universal Credit. Chifukwa cha chimenecho khomo la Help to Save ndi lotseka kwa iwo. Amasambitsa ndi kudyetsa makolo a eni dziko, amalipira msonkho, koma palibe amene amawasolorera ngala.

Pakati pa anthu amenewa pali ana, alongo ndi azilamu a akhristu amene amakhala m'mabenchi a tchalitchi chino Lamulungu lililonse. Kunyumba anthu amawerenga mapaundi m'makwacha n'kuona chuma chosatha. Sawerenga lendi ya kachipinda kamodzi, ndalama zotenthetsera m'nyumba m'nyengo yozizira, kapena zolipira kuti viza isathe. Uthenga wa pa WhatsApp umapita wina pambuyo pa unzake: fizi, feteleza, chinkhoswe, foni yatsopano, chiliza. Zina mwa zimenezi ndi zofunikadi, ndipo mwana amene amathandiza makolo ake akusunga lamulo lachinayi. Koma m'bale amene wagwira ntchito zaka zitatu kunja popanda kusunga kalikonse ali pa ngozi yaikulu. Ntchito ikatha, viza yake imagwedezeka, ndipo boma la kumeneko silimugwira dzanja. Banja limene limakolola malipiro ake mpaka m'mphepete likuchita chimene Chauta adaletsa mwini munda.

Banja lachikhristu likhoza kukhala pansi n'kugwirizana zimene liyenera kupempha ndi zimene lingathe kudzipezera lokha. Likhozanso kumuuza m'baleyo momveka kuti kusungako ndalama zake si kuumira kapena kuiwala kwawo. Ambiri amene ali kunja sadamvepo mawu amenewa kuchokera kwa makolo awo. Ndipo amene ali ndi antchito m'nyumba kapena m'sitolo muno m'tauni safunika kudikira lamulo la boma. Bwana akhoza kupangana ndi wantchito wake kuti pa ndalama iliyonse imene asunge ku banki mkhonde, iye aonjezapo kena kake pakutha pa chaka, pamwamba pa malipiro oyenera.

Madzulo a tsiku lija Rute adapuntha zimene adakunkha ndipo zidakwana pafupifupi efa imodzi ya barele. Adasenza kupita nazo mumzinda. Adatulutsanso chakudya chimene chidatsala pa nkhomaliro imene Boazi adampatsa, n'kupatsa apongozi ake. Malembo amanena kuti chinali chimene chidatsala iye atadya n'kukhuta, ndipo a Naomi adachilandira n'kudalitsa munthu amene adamkomera mtima mpongozi wawo.